Mzere wa Katondo Pansi pa Nyanja Yamchere

 Ndadza ndi mlandu, ndipo ndikupemphani kuti mukhale nane pabwalo kufikira tiumve mutu wake. Koma ndiyambe ndakuchenjezani kuti ndi mlandu wakale kuposa yonse imene idazengedwapo pamaso pa mfumu ina iliyonse, pakuti udachitika zaka 56 miliyoni zapitazo, pamene padalibe munthu woona ndi maso ngakhale mlembi wosunga kaundula, ndipo mboni zake zonse zidafa kalekale nizikwiririka m'matope a pansi pa nyanja yamchere. Komatu makolo athu adati mlandu suwola, ndipo m'zaka makumi angapo zapitazi anthu afukula mbonizo m'manda mwake, nazifunsa mafunso, izonso zayankha.

Mboni zimenezi ndi tizamoyo ta m'nyanja totchedwa foraminifera, dzina limene Mfalansa wina wofufuza zachilengedwe, Alcide d'Orbigny, adalipeka m'chaka cha 1826. Kamodzi kokha mukakaika pachikhatho simungakasiyanitse ndi njere ya mchenga. Kalibe mutu, kalibe mtima, kalibe diso, thupi lake lonse ndi selo limodzi basi. Koma kamadzimangira kachigoba ka laimu, ka tizipinda tolumikizana, kopota bwino ngati ka nkhono, ndipo laimuyo kamamutenga m'madzi momwe mukukhala ikomo. Tina timayandama chakumtunda kumene dzuwa limafika, tina timakwawa pansi penipeni mumdima wosatha, ndipo tonse tikafa tizigoba take timaunjikana pansi, ta lero pamwamba pa ta dzulo, mwina sentimita imodzi kapena ziwiri pa zaka 1,000. Pang'onopang'ono ndi mtolo: mapiramidi a ku Giza m'dziko la Igupto adamangidwa ndi miyala yodzala ndi zigoba za abale aakulu a tizamoyoti, zobulungira ngati makobidi, ndipo mlembi wachigiriki Strabo atakacheza kumeneko adauzidwa kuti timeneto ndi mphodza zotsala pa chakudya cha amisiri, zimene zidasanduka miyala.

Tsono kachigoba kakufa kangachitire bwanji umboni wa kutentha kwa madzi? Apa pafunika kuti tiyende pang'ono pang'ono. Okosijeni, amene ali m'madzi ndi m'laimu momwe, ali m'mitundu ingapo yosiyana kulemera, ndipo iwiri yofunika kwa ife ndi wopepuka, wotchedwa 16, ndi wolemera, wotchedwa 18. Katswiri wina wa ku Chicago, Harold Urey, adazindikira cha m'ma 1947 kuti kanyama kakamanga chigoba m'madzi ozizira kamatengako okosijeni wolemera wochulukirapo, ndipo kakamanga m'madzi ofunda kamatenga wocheperapo, kotero kuti munthu akayeza bwino kuchuluka kwa mitundu iwiriyi m'chigobamo, amadziwa kuti madziwo adali otentha motani tsiku limene chidamangidwa. Cesare Emiliani, amene adagwira ntchito m'nyumba yofufuzira ya Urey, adayesa nzeruyi pa foraminifera za m'matope a pansi pa nyanja nasindikiza zimene adapeza m'chaka cha 1955. Koma mboni iyi ili ndi malirime awiri, ndipo amene adatsimikiza zimenezi ndi Nicholas Shackleton wa ku Cambridge m'chaka cha 1967. Amayi akamapeta chimanga pa lichero, gaga wopepuka ndiye amauluka, mphale yolemera nitsalira. Chomwechonso dzuwa likamatunga madzi m'nyanja, opepuka ndiwo amayamba kukwera, ndipo akakagwa nakaundana kumalekezero a dziko osabwereranso, nyanja yonse imatsala yolemerako. Choncho chigoba chimanena zinthu ziwiri pakamwa pamodzi, kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kwa madzi oundana a pamtunda. Mwayi wathu pa mlandu wa lerowu ndi wakuti nthawi imeneyo dziko lidali lofunda kale, ndipo ngakhale ku Antarctica kudalibe chiphimba chachikulu cha madzi oundana chimene chiliko lero.

Kufukula mbonizi si ntchito ya khasu. Kuyambira m'chaka cha 1968 padali sitima yapamadzi yotchedwa Glomar Challenger, ndipo kuyambira 1985 ina yotchedwa JOIDES Resolution, imene idali ndi nsanja yayitali pakati pake yonga ya anthu okumba mijigo, yotsitsira mapaipi olumikizana makilomita angapo kufikira atagunda pansi pa nyanja, kumene amaboola nakweza matope m'mipope yotalika mamita 9.5 uliwonse, osawasokoneza mndandanda wake. Pang'ono pa matopewo amawatsuka pa sefa ya maso aang'onoang'ono, zotsala naziyanika, kenaka munthu amakhala pa maikulosikopu ndi kaburashi konyowa kosongoka ngati nsidze imodzi, kumatola tizigoba kamodzikamodzi, mtundu uwu uku, uwo uko, tsiku lonse, mwezi wonse, ena moyo wawo wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa ntchito ina imene mwambiwu umaiyenera kuposa iyi. Ndingoonjezerapo pang'ono kuti luso lomweli lidafikanso kwathu kuno m'chaka cha 2005, pamene chombo cha Viphya chidamangidwa nsanja nichiboola pansi pa Nyanja ya Malawi. M'madzi opanda mchere mulibe foraminifera, koma tizigoba ta ndere ndi ta tinkhanu tosaoneka ndi maso tidaulula kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa zimene zidatsitsa nyanja yathu ndi mamita oposa 500. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tibwerere ku mlandu wathu. Kumayambiriro kwa chaka cha 1987 JOIDES Resolution idapita kumwera kwenikweni, pafupi ndi Antarctica, nikaboola pa chitunda cha pansi pa madzi chotchedwa Maud Rise. Mayi wina katswiri wa foraminifera za pansi penipeni, Ellen Thomas, amene adali m'sitimamo, adaona kuti pa malo amodzi m'matopewo mitundu yambiri ya tizamoyoti idangozimirira mwadzidzidzi, ndipo lero akuwerengera kuti mwa mitundu khumi iliyonse padatayika itatu kufikira isanu. Chodabwitsa n'chakuti tizamoyo tomweti tidapulumuka pafupifupi tonse pa tsoka lija la zaka 66 miliyoni zapitazo, pamene mwala wochokera kumwamba udatha zinyama zikuluzikulu zija za dinosaur. Nanga chidatipha n'chiyani patapita zaka 10 miliyoni? James Kennett ndi Lowell Stott adayeza tizigoba ta pamalo omwewo, motsatana pafupipafupi, nalengeza m'chaka cha 1991 kuti madzi, a pamwamba ndi a pansi omwe, adafunda mofulumira ndi madigiri angapo pa zaka masauzande owerengeka chabe. Zimene zapezeka kuchokera nthawi imeneyo, m'nyanja zonse ndi pamtunda pomwe, zikuonetsa kuti dziko lonse lidatentha ndi madigiri 5 kapena kuposerapo. Ndipo popeza zidachitika pa malire a nyengo ziwiri zimene akatswiri a miyala amazitcha Paleocene ndi Eocene, chochitikachi amachitchula mwachidule kuti PETM.

Koma m'tizigoba tomweto mudali mawu ena achiwiri, amene kwa ine ndiwo mtima wa mlandu wonse. Kaboni nayenso ali wopepuka, wotchedwa 12, ndi wolemera, wotchedwa 13, ndipo zomera zikamapuma mpweya zimakonda wopepukayo, kotero kuti chilichonse chochokera ku zomera, kaya ndi nkhuni, kaya malasha, kaya mafuta a pansi pa nthaka, kaya mpweya wa methane wotuluka m'zinthu zowola, chimakhala chopepuka kuposa kaboni wa m'nyanja. Pamalo pomwe paja pamene madzi adafunda, kaboni wa m'tizigoba adapepukanso mwadzidzidzi, m'ta pamwamba ndi m'ta pansi momwe. Nyanja ndi nkhokwe yaikulu ya kaboni, yoposa mlengalenga ka makumi angapo, ndipo munthu sangasinthe kukoma kwa mtsuko wonse ndi njere imodzi ya mchere. Choncho kuti nyanja yonse isinthe chotero, padayenera kuthiridwa kaboni wopepuka wosachepera matani mabiliyoni 2,000, mwinanso oposa mabiliyoni 10,000.

Umboni umene ine ndimauona kuti ndi woposa wina uliwonse udapezeka kufupi ndi kwathu kuno, m'nyanja ya Atlantic moyang'anizana ndi dziko la Namibia, pa mtandadza wa mapiri a pansi pa madzi wotchedwa Walvis Ridge. M'chaka cha 2003 sitima ija idapita kumeneko motsogozedwa ndi James Zachos ndi Dick Kroon, ndipo mwa nzeru yawo sadaboole malo amodzi, koma adatsika nawo mtsetse wa phirilo, kuyambira pamene madzi ali akuya makilomita 2.7 kufikira pamene ali akuya makilomita 4.8. Matope amene ankakwera m'mipope adali oyera mbee ngati ufa woyera, popeza pafupifupi onse adali laimu wa tizigoba. Koma pa malo onsewo, atafika pa msinkhu wa zaka 56 miliyoni, kuyerako kudadukiza mwadzidzidzi ngati pocheka ndi mpeni, ndipo pamwamba pake padagona mzere wa dongo lofiira ngati katondo, lopanda laimu, lochindikala masentimita owerengeka kumtunda kwa phiri ndi lochindikalako kunsi kwake, kenaka kufiirako kumanka kuzilala pang'onopang'ono mpaka kuyera kudabwerera. Tanthauzo lake nali. Mpweya wa carbon dioxide ukalowa m'madzi umasanduka asidi, ndipo asidi amadya laimu, monga mungaonere mukadontheza madzi a ndimu pa choko cha mphunzitsi. Masiku onse pansi pa nyanja pamakhala malire amene kunsi kwake tizigoba timasungunuka tisanaunjikane. Pa nthawi ya mlandu wathu malire amenewa adakwera ndi makilomita oposa 2, ndipo padapita zaka zoposa 100,000 asanabwerere pamalo pake.

Apa ndipo pali chinthu chimene chimandichititsa nthumanzi ndikachilingalira. Wopalamula pa mlanduwu adadya mboni zake zomwe. Pa nthawi yeniyeni imene tikadafuna kumva zambiri, pamene kaboni ankathiridwa ndipo kutentha kunkakwera, asidi adasungunula tizigoba timene tinkagwa, nalowereranso kunsi kukadya tina timene tidali titagona kale m'manda mwake zinthu zisanavute. Zili ngati mbala imene yaba m'sitolo nitenthanso tsamba la kaundula la tsiku lomwelo pamodzi ndi masamba angapo a m'mbuyo. Komabe nkhoswe yochenjera ikaona tsamba lopserera sibwerera chimanjamanja, pakuti kupsererako nakonso n'kuulula. Kuchindikala kwa dongo lija pa malo akuya mosiyanasiyana ndiko kudathandiza kuwerengera kuchuluka kwa asidi amene adalowa m'nyanja. Vuto lina ndi la nyongolotsi ndi tizirombo tina tokumba m'matope, timene timasakaniza ta kale ndi ta pambuyo pake, kotero kuti munthu akapera tizigoba makumi angapo pamodzi amapeza chithunzi chabodza cha kusintha kwapang'onopang'ono. Pa chifukwa chimenechi ofufuza ena adabwerera ku matope a ku Maud Rise nayeza kachigoba kamodzikamodzi pakokha, ndipo m'chaka cha 2002 adalengeza kuti pakati pa toyandama pamwamba, kalikonse kadali ndi kaboni wa dziko lakale kapena wa dziko latsopano, ndipo ka pakatikati sikadapezeke.

Pabwalo la mfumu mlandu sudulidwa pa mawu a munthu mmodzi, ndipo ofufuzawa adaphunzira zimenezi ndi manyazi. Kwa zaka zambiri tizigoba ta m'madera otentha a dziko tinkanena kuti m'nyengo zofunda zakalezo madzi a kumeneko adali ozizira kuposa a lero, chinthu chosamveka konse. Amene adamasula mfundoyi ndi Paul Pearson ndi anzake, ndipo adaimasula ndi dothi la kwa anansi athu ku Tanzania, cha ku Kilwa ndi Lindi, kumene pansi pa nyanja yakale padatukuka nipasanduka mtunda. Dongo lonyata la kumeneko lidamata tizigoba kotero kuti madzi sadatilowe, ndipo timatuluka tonyezimira ngati galasi. Pamene ta pansi pa nyanja yakuya, titagona zaka mamiliyoni m'madzi ozizira, tidamera laimu watsopano pamwamba pa wakale, ndipo laimu watsopanoyo ndiye ankanena za kuzizira. Mboni idali itaphunzitsidwa zonena kumanda. M'chaka cha 2001 adaonetsa kuti madzi a m'madera otenthawo adalidi otentha, madigiri 28 mpaka 32. Lero amafunsanso mboni zina: kuchuluka kwa magnesium m'chigoba, kumene kumakwera madzi akamafunda, boron, amene amanena za asidi, ndi mafuta otsalira a tizamoyo tina tosaoneka, amene m'matope okumbidwa ku Arctic m'chaka cha 2004 adaonetsa kuti madzi a kufupi ndi nsonga ya kumpoto kwa dziko adafunda kuchoka pa madigiri 18 kufika pa 23, madzi oti mwana angasambemo osanjenjemera.

Za pamtunda ndingokhudzako. Ku Bighorn Basin m'chigawo cha Wyoming ku America, mano a kavalo wakale wotchedwa Sifrhippus, amene adali wamng'ono kale ngati kagalu, akuonetsa kuti thupi lake lidachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa nyengo yotenthayo, nilikulanso kutazizira. Ndipo ndi nthawi yomweyi pamene makolo oyamba a mtundu wa anyani ndi achanga akuonekera ku Asia, ku Ulaya ndi ku North America.

Nanga wopalamula ndani? Gerald Dickens ndi anzake m'chaka cha 1995 adaloza chala methane amene amagona wowumbika ndi madzi oundana m'matope a m'mbali mwa nyanja, amene madzi akafunda pang'ono amatha kumasuka. Henrik Svensen ndi anzake m'chaka cha 2004 adaloza kumpoto, ku nyanja ya kufupi ndi Norway, kumene adapeza mabowo mazanamazana okwiririka pansi. Pakuti nthawi imeneyo Greenland ankang'ambika kuchoka ku Ulaya, ndipo chiphalaphala cha moto chidalowerera m'miyala yodzala ndi zotsalira za zamoyo, nichiiwotcha monga munthu awotchera makala mu uvuni, mpweya nufwamphuka. Kusiyana kwa maganizo awiriwa kwagona pa masamu osavuta: methane ndi wopepuka kwambiri, choncho wochepa akwanira kusintha nyanja, pamene kaboni wochokera m'chiphalaphala chenichenicho ndi wopepuka pang'ono chabe, choncho pafunika wochuluka zedi. Marcus Gutjahr ndi anzake atafunsa boron wa m'tizigoba ta kumpoto kwa Atlantic, adapeza m'chaka cha 2017 kuti asidi adali wochuluka kuposa amene methane yekha akadabweretsa, natsimikiza za matani oposa mabiliyoni 10,000, ambiri a iwo ochokera ku moto wa pansi pa nthaka. Kuona kwanga n'kwakuti moto wa kumpotowo ndiwo udayatsa tchire, ndipo nkhokwe zina za kaboni zidangoyakira pomwepo kutentha kutafika. Koma akatswiri akadali pabwalo, ndipo sindingawalande chigamulo.

Chimene onse amavomerezana n'chakuti kaboniyo adalowa ndi liwiro koma adatuluka mokwawa. Dziko lili nayo njira yake yodzitsukira: mvula yosakanizika ndi mpweya uja imanyambita miyala ya m'mapiri, mitsinje nitengera mchere wake kunyanja, kumene umaziziritsa ukali wa asidi, tizamoyo nitiyambanso kumanga zigoba, kaboni nakwiririka pansi. Njirayi ndi yokhulupirika, koma siidziwa changu. Kuyambira pa chiyambi cha tsokali kufikira pamene zinthu zidakhazikikanso padapita zaka 170,000 mpaka 200,000, nthawi yoposa theka la imene mtundu wathu wa anthu wakhala ukuyenda pa dziko lino.

Mwina wina akufunsa kuti za makedzana zoterezi zitipindulira chiyani ife amene tikudandaula za mvula ya chaka chino. Richard Zeebe, Andy Ridgwell ndi Zachos yemwe uja adawerengera m'chaka cha 2016 kuti kaboni wa PETM adatenga zaka zosachepera 4,000 akutuluka, ndipo pa chaka sankapitirira matani biliyoni imodzi ndi pang'ono. Malasha, mafuta ndi gasi zimene anthu akutentha lero zikutulutsa kaboni wokwana pafupifupi matani mabiliyoni 10 pa chaka, ndiko kunena kuti liwiro lathu likuposa lija kakhumi. Ndipo carbon dioxide wa mumlengalenga, amene mafakitale asanayambe adali magawo 280 pa miliyoni, tsopano wapitirira 420. Ndisakunamizeni kuti nyengo ziwirizi ndi mapasa, pakuti dziko lija lidalibe madzi oundana oti asungunuke ndi kumiza magombe, lidalibenso minda ya chimanga yodalira kuti mvula igwe pa nthawi yake. Koma nyanja ikumwabe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya umene tikutulutsa, ndipo m'chaka cha 2009 ofufuza a ku Australia, atayerekeza tizigoba ta foraminifera za masiku ano za m'nyanja ya kumwera ndi ta mtundu womwewo ta m'matope a mafakitale asanayambe, adapeza kuti ta leroti tapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

JOIDES Resolution idamaliza ulendo wake wotsiriza m'chaka cha 2024, itatumikira zaka pafupifupi 40. Matope onse amene idakweza akusungidwa m'nyumba zozizira zitatu, ku College Station ku America, ku Kochi ku Japan, ndi ku Bremen ku Germany, kumene kuli a ku Walvis Ridge ndi mzere wawo wa katondo. Mpope uliwonse adaung'amba pakati m'litali mwake: theka lina ofufuza amatapamo kufikira ladzala maenje ngati chisa cha njuchi, koma theka linalo amalisunga losakhudza, kudikira ana amene adzabwere ndi mafunso amene ife sitidawaganize.